Ngati trout muibweza m'madzi, nyongolotsi isiyeni kunyumba

Pafupifupi mlendo aliyense wokwera kumapiri kudzawedza trout amayamba ndi funso limodzimodzi: chimagwira msanga n'chiti, nyongolotsi kapena tinyambo tochita kupanga tija? Ndatopa nalo funso limeneli, koma ndiyankhabe. Kwa munthu wongoyamba kumene, nyongolotsi ndiyo imagwira msanga. Trout imamva fungo, ndipo chinthu chofewa chovinyuka pa mbedza sichichedwa kuikopa, makamaka madzi akada ndi mvula. Pamenepo palibe wotsutsa. Chondiwawa n'chakuti ofunsawo amathera pomwepo, osadzifunsa kuti nsombayo akaigwira achita nayo chiyani. Ikalowa mumphika kapena ibwerera m'madzi? Muyambe mwayankha zimenezo, nyambo musankhe pambuyo.

Trout si nsomba ya kwathu kuno. Mtundu umene tili nawo, rainbow trout, kwawo ndi kumadzulo kwa North America, m'mitsinje yothira m'nyanja ya Pacific, ndipo anabwera nawo ndi azungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Inakhazikika pamwamba pokha: paphiri la Zomba, paphiri la Mulanje, ndi ku Nyika m'madamu ndi m'mitsinje ya kufupi ndi Chelinda. Imasangalala madzi akakhala pa madigiri 10 mpaka 16. Akapitirira 20 yayamba kuvutika, akafika cha m'ma 25 imafa. Ndiye malo ake ndi ochepa, timitsinje take n'tating'ono, ndipo dziwe limodzi likhoza kukhala ndi nsomba zazikulu zowerengeka ndi zala. Munthu wozolowera kunyanja, kumene usipa amayeza ndi ndowa, amavutika kumvetsa kuti anthu ochepa chabe okhala ndi chitini cha nyongolotsi angathe kupulula mtsinje wathunthu pa Loweruka limodzi.

N'chifukwa chake m'malo ambiri a trout kuno kum'mwera kwa Africa, kaya ndi ku Nyika, ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe kapena m'madamu a ku Dullstroom ku South Africa, amalola fly yokha, ka mbedza kovekedwa nthenga ndi ulusi kuti kaoneke ngati kachirombo. Kumeneko ngakhale spinner, kachitsulo kokhala ndi mbedza kamene kamazungulira m'madzi mukamakoka, salola. Musanamange mbedza pitani ku ofesi ya eni malo, ku Zomba a zankhalango, ku Nyika a zamapaki, mukafunse za chilolezo, nyengo yowedzera ndi nyambo yololedwa. Ambiri amati lamuloli ndi mwambo chabe wa azungu wofuna kuthamangitsa amphawi. Ayi ndithu, lili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili pakhosi pa nsomba.

Tonsefe tinaphunzira kuwedza ndi milamba ndi matemba, ndipo akuluakulu ankatiuza kuti usafulumire kukoka, idikire imeze. Kwa mlamba wopita pamoto malangizowo ndi abwino. Kwa trout yoti ibwerere m'madzi ndi imfa. Nyongolotsi ndi chakudya chenicheni, ndiye trout ikaigwira simalavula, imameza pamodzi ndi mbedza. Mbedzayo imakakola kummero kapena m'makha, ndipo pansi pa mmero pomwepo ndi pamene pali mtima. Nthenga kapena kachitsulo, nsomba imangoti ikakalawa yazindikira kuti yanamizidwa, n'kuyamba kulavula. Msodzi amakoka nthawi yomweyo, mbedza n'kukola pamlomo, pamene bala lake silichedwa kupola. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 1992, amene anaphatikiza zotsatira za maphunziro ambiri, anapeza kuti pa trout 100 zilizonse zogwidwa ndi nyambo yodyedwa n'kubwezedwa m'madzi, pafupifupi 31 zinkafa. Pa zogwidwa ndi nyambo zachitsulo zinkafa pafupifupi 5, pa zogwidwa ndi fly pafupifupi 4.

Pali nkhani ina imene siichoka m'mutu mwanga. Bambo wina anabwera ndi mwana wake wamwamuna wa sukulu ya pulaimale, cha mu April. Anali munthu wa mtima wabwino, wofuna kuphunzitsa mwanayo kuti si chilichonse chogwidwa chimene chimadyedwa. Anakhala pa dziwe lina lakumunsi kumene kunalibe woyang'anira, ali ndi nyongolotsi zimene anakumba okha m'dimba kwawo. Ndinawapeza mwanayo atagwira kale nsomba yaikulu bwino, yotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja. Mbedza sinkaoneka, chingwe chokha chikutuluka m'kamwa. Bamboyo anali atailowetsa kale pulayala kummero n'kuzula mbedzayo, magazi akuyenderera kuchokera m'makha kutsikira pamimba yoyera ija. Anajambula zithunzi, wina agwire, wina agwire, kenaka anaiika m'madzi. Inapendama pang'ono, n'kudziwongola, n'kulowera pansi pa mwala. Bamboyo anati, "Waona mwana wanga, yapita yamoyo." Mwanayo anawomba m'manja. M'mawa mwake ndinaipeza itakodwa pa mizu kumene madzi amatulukira m'dziwemo, mimba kumwamba, makha atayera. Inali yaikazi, mazira atayamba kale kukula kukonzekera kuswa m'nyengo yozizira. Anthu aja anatsika phiri akukhulupirira kuti achita chifundo, ndipo mwina mwanayo mpaka lero akuwedza choncho. Akanaipha n'kukadya, bwenzi mtima wanga uli m'malo. Nsomba imeneyo sinadyedwe, sinaswenso.

Kusambira kwa nsomba pochoka m'manja mwanu si umboni woti yapulumuka. Zambiri zimafa patapita maola, inu muli kunyumba. Mukaona kuti mbedza yalowa mkati, musalimbane nayo. Dulani chingwe pafupi ndi mlomo, mbedzayo muisiye momwemo. Zikumveka ngati nkhanza, koma nsomba zosiyidwa choncho zimapulumuka zambiri kuposa zozulidwa, chifukwa kuzulako ndiko kumang'amba mnofu, ndipo zina pakapita nthawi zimaitaya zokha mbedzayo. Ngati magazi akutuluka m'makha ndipo malamulo a pamalopo akulola, ipheni msanga ndi kuimenya pamutu, muiwerengere pa nsomba zanu za tsikulo.

Komanso kuchedwa nayo kumtunda kumapha. Ku Canada, m'chaka chomwecho cha 1992, anayesa rainbow trout zotopetsedwa ngati mmene imatopera nsomba yolimbana ndi chingwe. Zosatulutsidwa m'madzi zinapulumuka 88 pa 100. Zotulutsidwa kwa masekondi 30 zinapulumuka 62, ndipo za mphindi imodzi zinapulumuka 28 zokha. Mphindi imodzi imeneyo imatha mukungofufuza foni m'thumba. Nyowetsani manja musanaigwire, musaigoneke pa udzu kapena pa mchenga, zala musalowetse m'makha. Mu October ndi November madzi akafunda, wedzani m'mamawa, dzuwa likakwera pindani zingwe.

Sindikunena kuti nyambo zochita kupanga zilibe mlandu. Spinner yambiri ya m'sitolo imabwera ndi mbedza ya mano atatu, ndipo ka trout kakang'ono kakaigwira, dzino limodzi lili pamlomo, lina lili m'diso. Ichotseni muikepo ya dzino limodzi, ndipo kamnga kobwerera m'mbuyo kaja mukafinye ndi pulayala. Nsomba zina zidzakupulumukani, inde, koma zotsalazo muzidzazimasula zili m'madzi momwemo.

Odandaula kuti tinyambo timeneti sitigwira ndimawaona mmene amachitira. Amafika pa dziwe atavala malaya oyera, n'kuima pamwamba pa mwala, chithunzithunzi chawo chili m'madzi, n'kuponya chitsulo chachikulu chogwirira nsomba ina yotchedwa black bass pa chingwe chokhuthala. Nsomba zathawa kale asanaponye. Trout imaima moyang'ana kumene madzi akuchokera, kudikira chakudya chobwera ndi mtsinje, ndiye inu muziyenda kuchokera kumunsi kukwera kumtunda, mowerama, kuti muifikire kumbuyo. Pamene spinner ikuloledwa, tengani yaing'ono, saizi 0 mpaka 2 monga za kampani ya Mepps, pa chingwe cha makilogalamu 2 kapena 3. Ponyani kumtunda mopingasa, muzikoka pang'onopang'ono, bola kachitsulo kazizungulira. Madzi akayera, yasiliva kapena yakuda; akadetsedwa ndi mvula, yagolide. Pa fly musayambe ndi bokosi lodzaza. Fly yotchedwa Woolly Bugger, yakuda kapena yobiriwira, imafanana ndi mbululu ndi ana a tombolombo, ndipo m'madamu ozizira imakwanira. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kuyamba kugwera pamadzi, fly yoyandama imagwira kuposa nyongolotsi, ndipo mudzaiona ndi maso anu nsomba ikukwera kudzaitenga.

Nyongolotsi ili ndi malo ake: dziwe la munthu loweteramo trout, kumene mwini walola ndipo chilichonse chogwidwa mumalipira n'kupita nacho. Kumeneko wedzani nayo ndi mtima umodzi, ndipo mukakwanitsa chiwerengero chanu lekani. Musapitirize kuti muzibweza zing'onozing'ono posaka yaikulu.

Tinsomba tamoyo ngati nyambo ndiye ayi, paliponse. Kukwera phiri ndi ndowa ya matemba a ku dambo, n'kukhuthula otsala m'damu pobwerera, ndi chinthu chimene sichingabwezedwe. Nsomba yachilendo ikaswana m'damu simungaichotsenso, ndipo madzi a m'ndowamo amanyamula matenda. Tisaiwale matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS amene anapezeka ku Mchinji mu 2020. Matenda otere amayenda ndi nsomba zosamutsidwa, maukonde ndi ziwiya zonyowa. Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kusamutsa nsomba kuchoka m'madzi ena kupita m'madzi ena popanda chilolezo. Zimene mwathira pamwamba pa Zomba sizikhala pamwambapo: Mulunguzi amatsikira mu Likangala, Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa, kumene mabanja ambirimbiri amadalira usodzi.

Tsono pali anthu amene amadyera pa kukhumudwa kwa msodzi wobwerera chimanjamanja. Amagulitsa timabotolo ta mafuta akuti ukapaka pa mbedza nsomba zimabwera zokha, ena tizithumwa tomangirira pa ndodo. Amenewo amangokudyerani ndalama. Oopsa ndi amene amakuuzani kuti asiyeni a mbedzawo, ife tili ndi njira yachidule, n'kukupatsani katupe wosinja kapena mankhwala ophera tizirombo m'munda kuti muthire kumutu kwa dziwe. Poizoni sasankha. Amapha trout, nkhanu, achule ndi tizirombo tonse ta pansi pa miyala timene nsomba zimadya, ndipo mtsinje wotero umatenga nthawi yaitali kuti ubwerere mwakale. Lamulo lomwe lija limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Kumbukiraninso kuti madzi a m'damu la Mulunguzi ndi amene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa.

Mukapeza nsomba zambiri zitafa pamalo amodzi, kapena zili ndi zilonda zofiira pathupi, musatole kuti mukadye, musapatse galu, ndipo musadikire kuti muone ngati mawa zikhala bwino. Madzi oyenda amakokolola umboni m'maola ochepa. Jambulani, zindikirani malowo, mukauze a zankhalango, a zamapaki kapena ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu tsiku lomwelo, ndipo nsapato ndi ukonde wanu muziumitse padzuwa musanalowe nazo mumtsinje wina.