Mwana wonenepa kwambiri ndiye wathanzi? Ayi abale

Kauthenga kaja kabweranso m'magulupu a WhatsApp, koti mwana wa ku pulayimale akanenepa kwambiri ndiye kuti akudya bwino, musamuvutitse, mafutawo adzasungunuka okha akamakula. Ena mpaka amawonjezera kuti kunenepa ndi vuto la azungu basi.

Si zoona. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2022 ana ndi achinyamata oposa 390 miliyoni a zaka 5 mpaka 19 anali onenepa mopitirira muyezo, ndipo vutoli likukula m'mayiko osauka momwemuno. Mwana amatha kukhala ndi thupi lalikulu koma magazi ali ochepa, chifukwa tchipisi, mandasi ndi zakumwa zotsekemera za pa geti la sukulu zimangokhutitsa, si ndiwo zamasamba kapena nyemba ayi. Ambiri amakula nalo thupilo, kenako shuga ndi BP zimawapeza akadali achichepere, zimandimvetsa chisoni kwambiri.

Osayeza ndi maso. Pitani naye kuchipatala amuyeze sikelo ndi msinkhu, afananize ndi zaka zake. Uthenga ukabwera funsani kuti wanena ndani, ngati palibe gwero ndi bodza limenelo.

Chonde tisamatumizenso. Ndipo mwanayo osamunyoza kapena kumumana chakudya, mulekeni azithamanga ndi anzake ola limodzi patsiku.