Ana a bere limodzi amasiyaniranji?

Thupi lanu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo pafupifupi selo lililonse lili ndi makromozomu 46. Awa ndi ulusi wa DNA wopindidwa mothinana, ndipo ndi mmene muli malangizo a chibadwa chanu. Amakhala awiriawiri, mapeyala 23. M'peyala iliyonse, kromozomu imodzi munaitenga kwa amayi anu, inzake kwa abambo anu.

Tsono taganizani. Dzira la mayi ndi mbewu ya bambo zikanakhala ndi makromozomu 46 chilichonse, mwana akanabadwa ndi 92, mdzukulu 184. Sizitero chifukwa maselo oberekera amapangidwa mwa njira yawoyawo yotchedwa meiosis, imene imachepetsa chiwerengerocho ndi theka, kufika pa 23. Edouard van Beneden wa ku Belgium ndiye anaona zimenezi mu 1883 pofufuza njoka za m'mimba mwa akavalo. Mwa munthu, meiosis imayambira malo awiri okha: m'machende mwa mwamuna ndi m'thumba la mazira mwa mkazi.

Selo limayamba ndi kukopera DNA yake yonse kamodzi, kenako n'kugawikana kawiri. Chodabwitsa chachikulu chili pa kugawikana koyamba. Kromozomu ya kwa amayi imafunafuna inzake ya kwa abambo, zigundana m'litali mwake monse, zithyoka pamalo ofanana, n'kusinthana zidutswa. Tengani mikanda iwiri, wofiira ndi woyera, muidule pamalo amodzimodzi, mulumikize kumutu kwa wofiira ndi kumchira kwa woyera. Mwapeza mikanda iwiri imene kunalibe kale. Thomas Hunt Morgan ndi ophunzira ake ku New York anatulukira kusinthanaku cha m'ma 1911, pa tintchentche tokonda zipatso. Kutanthauza kuti kawirikawiri kromozomu imene mumapatsa mwana wanu si ya amayi anu yeniyeni kapena ya abambo anu yeniyeni. Ndi yosakaniza, agogo onse awiri alimo.

Zikatha kusinthana, mapeyala onse 23 amandanda pakati pa selo, ndipo peyala iliyonse imapatukana, imodzi uku inzake uko. Mbali imene kromozomu ilowere ndi mwayi chabe, ndipo peyala ina siyang'ana zimene inzake yachita. Mwayi wokhawu ungatulutse mitundu 8,388,608 ya dzira kapena mbewu kuchokera mwa munthu mmodzi, tisanawerengere kusinthana zidutswa kuja. Kugawikana kwachiwiri n'kosavuta: makope awiri a kromozomu iliyonse amalekana, basi. Pomaliza pali maselo anayi, lililonse la makromozomu 23, ndipo palibe lofanana ndi linzake. N'chifukwa chake mwana wina amatuluka wamtali ngati amalume ake, wina woderako ngati agogo akuchimuna, chonsecho bambo ndi mayi ndi omwewo. Ndikamva munthu akukayikira mkazi wake chifukwa choti khanda silikufanana naye, ndimamva chisoni, popeza nkhope si umboni.

Mwa mwamuna maselo anayi onsewo amasanduka mbewu za umuna. Ntchitoyi imayamba mnyamata akatha msinkhu, siyiima mpaka ukalamba, ndipo mbewu imodzi imatenga miyezi iwiri ndi masiku kuti ikhwime. Mwa mkazi nkhani ndi ina. Selo limodzi limatenga pafupifupi chakudya chonse n'kukhala dzira, otsalawo ndi timaselo ting'onoting'ono timene timangofa. Ndipo meiosis ya mkazi imayamba iye akadali m'mimba mwa amayi ake, n'kuima panjira. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira oposa 1 miliyoni oima chonchi. Akatha msinkhu, mwezi uliwonse dzira limodzi limapitiriza, koma kugawikana kwachiwiri kumamalizika pokhapokha mbewu ya mwamuna italowa.

Peyala ya nambala 23 ndi imene imanena ngati mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Mkazi ali ndi X ziwiri, choncho dzira lililonse limanyamula X. Mwamuna ali ndi X ndi Y, ndiye theka la mbewu zake lili ndi X, theka lina Y. Ikafika ya X, mwana ndi wamkazi. Ikafika ya Y, wamwamuna. Mayi wobereka atsikana okhaokha alibe mlandu uliwonse, ndipo bamboyonso sasankha.

Chialubino nachonso chimatsata njira yomweyi, ndipo apa m'pamene ndimafunitsitsa anthu amvetse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno. Mtundu umene umapezeka kwambiri kuno ku Africa umachokera pa kachigawo ka DNA kotchedwa OCA2, pa kromozomu ya nambala 15. Munthu akhoza kukhala ndi kope imodzi yosinthika ndi ina yabwinobwino, khungu lake n'kukhala lakuda, iye osadziwa kanthu. Meiosis ikalekanitsa peyalayo, theka la mazira kapena mbewu zake limanyamula yosinthikayo. Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana alandire makope osinthika onse awiri n'kubadwa wachialubino. Bambo amene athawa banja ati mwanayo si wake, akuthawa chinthu chimene theka lake chinachokera mwa iye mwini.

Nthawi zina peyala imakanika kulekana, dzira kapena mbewu n'kutenga kromozomu yapadera. Zikachitika pa nambala 21, mwana amakhala ndi makromozomu 47, ndipo ndicho chimayambitsa Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kakulidwe ndi kaphunziridwe ka mwana, monga anapezera madokotala a ku Paris mu 1959. Kawirikawiri zimachitikira m'dzira, makamaka mayi akapitirira zaka 35, chifukwa zomangira zimene zagwira makromozomu chibadwire zimayamba kufooka. Si ufiti, si chakudya chimene mayi anadya, ndipo zimachitikanso kwa amayi achitsikana. Mwana wotere apimidwe mtima akadali wakhanda, chifukwa pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima.