Dzina la mu tong pa paketi lisakupusitseni

Ndatopa kumva mawu akuti "ndi zitsamba basi, sizingandipweteke." Ku famase kumabwera anthu atanyamula timapaketi ta mankhwala a ku China, ena ogula pa intaneti, ena otumiziridwa ndi achibale a ku Johannesburg kapena ku London. Ndikaona kuti pa zosakaniza palembedwa mu tong, mtima umandigunda.

Mu tong weniweni ndi tsinde la Akebia, chomera choyanga cha ku China, Korea ndi Japan. Mtundu wa Akebia quinata uli ndi timasamba tisanu pa phesi limodzi, maluwa ake ofiirira amanunkhira ngati chokoleti, ndipo anthu a ku Japan amadya chipatso chake. Asing'anga a kumeneko amadula tsindelo, kuliumitsa, n'kumapatsa odwala kuti azikodza bwino. Chomerachi ndilibe nacho mlandu.

Vuto n'lakuti dzina lomwelo amagulitsira chomera china choyanga, Aristolochia manshuriensis. Mmenemo muli poizoni wotchedwa aristolochic acid, amene amaumitsa impso pang'onopang'ono komanso amayambitsa khansa ya njira ya mkodzo. Tizidutswa touma ta zomera ziwirizi timafanana. Akatipera n'kuumba mapiritsi, ngakhale wogulitsayo sangakuuzeni chili mkatimo.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere mpaka lero ndi ya amayi awiri a ku Britain, imene madokotala analengeza mu 1999. Amayiwa ankavutika ndi nthenda ya khungu yoyabwa, eczema. Khungu lokha! Anamwa zitsamba zokhala ndi mu tong kwa zaka, osadziwa kuti munali Aristolochia, ndipo impso zawo zinasiyiratu kugwira ntchito. Palibe chimene analakwitsa. Mu 2001 boma la Britain linaletsa Aristolochia m'mankhwala azitsamba opanda chiphaso, n'kuletsanso Akebia yemweyo chifukwa panalibe njira yapafupi yotsimikizira kuti sanasinthanitsidwe. China nayo inaletsa Aristolochia manshuriensis mu 2003, koma pa intaneti sipayenda woyang'anira mankhwala.

Impso sizidandaula msanga. Munthu amangomva kutopa, magazi kuchepa m'thupi, BP kukwera, n'kumati ndi ntchito yachuluka. Pomwe mapazi ayamba kutupa, zambiri zimakhala zitaonongeka kale, ndipo zoonongekazo sizibwerera. Chotsala ndi makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ya munthu wina. Khansa ija imatha kutulukira patapita zaka munthu atasiya kumwa.

Ndiye pali awa ogulitsa tiyi wa "kutsuka impso" pa Facebook. Musawonjezere zitsamba pa zitsamba, chonde. Ngati mwamwapo mankhwala olembedwa mu tong, siyani lero, mupite ku chipatala mukayezetse mkodzo ndi creatinine m'magazi, amene amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito. Paketiyo muitenge, ndipo mukamuuze dokotala mwamwa kwa nthawi yaitali bwanji. Sabata ino, osadikira malipiro a kumapeto kwa mwezi.