Goodall Gondwe ndi makuponi a feteleza

Amene anali ku Salima kumayambiriro kwa 2002 sangaiwale njala ija. Anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, mbuzi ikugulidwa pa mtengo wa nkhuku. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa pafupifupi chonse. Bungwe lobwereketsa mayiko ndalama la IMF ndi limene linalangiza kuti chichepetsedwe, ndipo mpaka lero anthu amatsutsanabe kuti analakwa ndani, olangizawo kapena ogulitsawo. Cha m'zaka zomwezo, mkulu woona za mayiko a mu Africa ku IMF anali Mmalawi mnzathu, a Goodall Gondwe.

Bambowa anabadwa mu 1936, kwawo ku Enukweni m'boma la Mzimba. Anagwirapo ntchito ku Reserve Bank, kenako ku African Development Bank, n'kukakhazikika ku IMF ku Washington. Atabwerera kumudzi analangizako a Bakili Muluzi pa zachuma, ndipo mu 2004 a Bingu wa Mutharika anawapatsa unduna wa zachuma.

Chimene ine ndimawalemekezera n'chimene chinachitika mvula itadukiza mu 2005. Mabungwe obwereketsa ndalama sankafuna kumva zoti boma lizilipirira mlimi feteleza. A Bingu anakakamira, ndipo wopeza ndalamazo anali a Gondwe, munthu woleredwa ndi mabungwe omwewo, wodziwa polowera ndi potulukira pawo. Thumba la makilogalamu 50 linayamba kugulidwa pa K950 ndi kuponi.

Kwathu kuno amfumu ankaitana mayina pansi pa mtengo wa mango, anthu n'kulawirira kudepoti tambala asanalire. Makuponi sankakwanira ayi. Mabanja awiri ankagawana thumba limodzi poyeza ndi ndowa, ndipo makuponi ena ankathera m'manja mwa mavenda. Komabe nkhokwe zinadzaza, moti mu 2007 Malawi anagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Chaka cha 2006 n'kuti ngongole zambiri zakunja zitakhululukidwa, a Gondwe ali kutsogolo pa zokambiranazo.

Ulendo wachiwiri unali wowawa. Anabwerera pa undunawu mu 2014, mu ulamuliro wa a Peter Mutharika, mayiko othandiza atasiya kuthira ndalama mu bajeti chifukwa cha Cashgate, kubedwa kwa ndalama za boma kuja. Kenako kunabwera madzi osefukira a 2015 ndi chilala cha 2016, chimanga n'kukweranso mtengo pamsika wa Kamuzu Road. Anakhala pampandowo mpaka 2019, ndipo anatisiya mu Ogasiti 2023 ali ndi zaka 86.