Kulembetsa malo ku Thyolo: zomwe anthu akufunsa

Kodi lamulo la malo a makolo la 2016 litibwezera minda ya tiyi?

Ayi, tisanamizane. Lamuloli limateteza kamunda komwe muli nako kale. Maesiteti ali ndi zikalata zawo, ndipo malamulo aakulu a dziko lino amati boma likafuna kutenga malo a mwini liyenera kupereka chipukutamisozi.

Nanga azungu anawapeza bwanji malo onsewa?

Apa ndi pomwe mtima umandiwawa. Cha m'ma 1892 mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim kwa azungu omwe ankati anagula malo kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu ndi mikanda. Alhomwe ochokera ku Mozambique atakhazikika pamalopo ankalipira lendi ndi thukuta lawo. Thangata ija ndi imeneyo. Anthu a kuno anaukira mu 1953, thangata inathetsedwa mu 1962, koma malire omwe analembedwa potengera khungu sanasunthe kwenikweni. N'chifukwa chake lero mukamachokera ku Limbe mumaona tiyi wobiriwira mpaka kuseri kwa phiri, pomwe kutsidya kwa khwawa mayi akuwerenga mizere ya nandolo kuti agawire ana ake aakazi. M'mamawa ana omwewo amakathyola tiyi, dengu kumsana.

Ndiye ndilembetse kwa ndani?

Yambirani ku komiti ya za malo ya kwa gulupu wanu. Wapampando ndi a gulupu, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Malire akatsimikizidwa pamaso pa oyandikana nawo munda, mumalandira chikalata cha umwini.

Ine ndili pachikamwini, chikalata chikhale m'dzina la ndani?

Lamulo limalola kulembetsa panokha kapena ngati banja. Koma chonde musathamange. Khalani pansi ndi mayi a kunyumba komanso amalume awo, eni mbumba, musanapite ku komiti, chifukwa dzina likalowa m'kaundula kulichotsa n'kovuta.

Nanga wopanda ngakhale mzere umodzi?

Lamuloli lilibe chomupatsa. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yomwe inayenda kuyambira 2004 mpaka 2011 ndi thandizo la World Bank, inapezera malo mabanja pafupifupi 15,000. A ku Thyolo ndi Mulanje ambiri anasamukira ku Machinga ndi Mangochi, kusiya manda a makolo awo m'mphepete mwa tiyi.