Kodi wosauka apatsidwe ndalama m'manja? Mbiri ya mkangano womwe ofufuza adaulowerera

Pa nkhani zonse zomwe akatswiri a zachitukuko amakanganirana, yomwe imakweza mawu msanga ndi yopereka ndalama m'manja mwa munthu wosauka. Ukangoiyamba, wina amati bambo akamwera mowa, wina amati anthu achita ulesi, winanso amati kuli bwino kuwapatsa chakudya, mbewu kapena ziweto, bola asagwire ndalama. Mantha amenewa sadayambe lero. Ku England, lamulo la osauka la 1834 lidati munthu wamphamvu zake wofuna thandizo azikalowa m'nyumba zogwiriramo ntchito, komwe mwamuna ankamulekanitsa ndi mkazi wake, ana ndi makolo awo, ndipo moyo wakumeneko udakonzedwa dala kuti uziwawa kuposa wa waganyu wolipidwa mochepetsetsa. Cholinga chinali choti munthu azipempha pokhapokha madzi atafika m'khosi. Omwe adalemba lamulolo ankakhulupirira kuti umphawi umachokera ku khalidwe la munthu, ndipo chikhulupiriro chimenechi chidayenda ulendo wautali mpaka kukalowa m'maofesi a mabungwe othandiza mayiko osauka.

Mayiko a mu Africa ndi Asia atangolandira ufulu, chitukuko ankachiyeza ndi madamu, mafakitale ndi kukula kwa chuma cha dziko lonse. Ankati chuma chikakula, wosauka naye chidzamufika. Yemwe adagwedeza maganizowa ndi Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India, amene ali mwana adaona ndi maso ake njala ya ku Bengal ya 1943, yomwe idapha anthu pafupifupi 3 miliyoni. M'buku lake la 1981 adasonyeza kuti chaka cha njalacho chakudya sichidachepe kuposa mu 1941, pomwe kudalibe njala. Chidasowa ndi chogulira. Mtengo wa mpunga udakwera koopsa, koma malipiro a aganyu, asodzi ndi amisiri sadakwere nawo, ndipo anthu ankafa chakudya chili pamsika. Ngati vuto ndi chogulira, ndiye kuti ndalama ikhoza kukhala mankhwala ake. Koma zaka za m'ma 1980 zinali za ngongole. Mabungwe obwereketsa ndalama ku mayiko, IMF ndi World Bank, ankakongoza maboma pokhapokha atachepetsa ndalama zomwe amagwiritsa ntchito, moti m'mayiko ambiri sukulu ndi zipatala zidayamba kulipiritsa. Pofika 1987, UNICEF idatulutsa lipoti lodandaula kuti ana ndi amene akulipira mtengo wa ndondomekozo.

Zinthu zidatembenukira ku Mexico. Mu December 1994 ndalama ya dzikolo, peso, idagwa mphamvu, ndipo boma la Ernesto Zedillo lidapezeka ndi anthu ambiri ovutika koma thumba lopepuka. Santiago Levy, yemwe anali wachiwiri kwa nduna ya zachuma, adaona kuti ndalama zambiri zothandizira osauka zinkathera potsitsa mtengo wa tortilla (chakudya chawo cha ufa wa chimanga) ndi mkaka, zomwe zinkapindulira kwambiri anthu a m'tauni pomwe osaukitsitsa anali kumidzi. Mu 1997 adayambitsa ndondomeko yotchedwa Progresa. Ndalama zinkaperekedwa kwa mayi wa pakhomo, osati bambo. Kuti mayiyo azilandirabe, mwana wake ankayenera kupezeka m'kalasi masiku 85 pa masiku 100 alionse, aphunzitsi n'kumalemba m'kaundula. Banja linkayeneranso kupita kuchipatala pa nthawi yake, ana kusikelo ndi kukatemera, mayi kukamvera maphunziro a zaumoyo. Mtsikana wa kusekondale ankapatsidwa zochulukirapo kuposa mnyamata, chifukwa atsikana ndiwo ankasiya sukulu msanga.

Chomwe chidapangitsa Progresa kutchuka padziko lonse si ndalamazo ayi, koma momwe adaiyezera. Boma silikadatha kufika m'midzi yonse nthawi imodzi, choncho pa midzi 506 ya m'zigawo zisanu ndi ziwiri adachita maere: midzi 320 idayamba kulandira mu 1998, midzi 186 idadikira mpaka kumapeto kwa 1999. Popeza adasankha ndi maere, osati mkulu wa boma kapena wandale, magulu awiriwo anali ofanana pachiyambi, ndipo kusiyana kulikonse kowoneka pambuyo pake kukadachokera ku ndalamazo basi. Ntchito yoyeza adaipereka ku bungwe lakunja, IFPRI ya ku Washington. Lidapeza kuti m'midzi yolandira ana ankadwala mocheperapo ndipo ambiri ankapitirira kukafika kusekondale, makamaka atsikana. Levy ankadziwa kuti ku Mexico ndondomeko zothandiza osauka zinkafa limodzi ndi boma lomwe lidaziyambitsa. Vicente Fox, wa chipani china, atalowa m'boma mu 2000 adapeza umboni uli patebulo. Sadaithetse, adaikulitsa, ndipo mu 2002 idasinthidwa dzina kukhala Oportunidades. Ku Brazil nako, thandizo lofanana lomwe lidayambira m'mizinda mu 1995 lidaphatikizidwa mu 2003 kukhala Bolsa Família.

Komabe maere a ku Mexico sadayankhe funso limodzi. Anawo ankapita kusukulu chifukwa cha lamulo, kapena chifukwa choti pakhomo padapezeka ndalama yogulira yunifolomu ndi makope? Funsoli lidakula ndondomekozi zitafika mu Africa, ku Kalomo m'dziko la Zambia mu 2003, ku Mchinji m'dziko la Malawi mu 2006, ku Ghana mu 2008. M'madera ambiri sukulu ili kutali, chipatala chilibe mankhwala, ndipo boma lilibe antchito okwanira oti azilondoloza kaundula wa mwana aliyense. Kulanga mayi chifukwa mwana sadafike kuchipatala chomwe kulibe n'kupanda chilungamo. South Africa inali itayamba kale mu 1998 kupereka R100 pamwezi yolerera mwana, ndipo katswiri wa zachuma Esther Duflo atafufuza za penshoni ya okalamba kumeneko adapeza kuti ndalama ikalowa m'manja mwa agogo aakazi, adzukulu awo aakazi ankanenepa ndi kukula bwino, popanda wina wowaikira lamulo.

Kafukufuku yemwe adaika mbali ziwirizi pasikelo imodzi adachitika ku Zomba mu 2008 ndi 2009, motsogozedwa ndi Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler. Adatenga atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Makolo ankalandira pakati pa madola 4 ndi 10 pamwezi, mtsikana mwiniwake pakati pa dola imodzi ndi madola 5, ndipo kuchuluka kwa gawo lake ankakudziwa pochita maere. Gulu lina linkalandira pokhapokha mtsikana atapezeka m'kalasi masiku 80 pa 100. Gulu lina linkangolandira. Zotsatira, zomwe zidasindikizidwa mu 2011, sizidakomere mbali imodzi. Lamulo lidagwiradi ntchito yake: m'gulu la lamulo atsikana osiya sukulu adachepa kwambiri, ndipo ankamva bwino Chingerezi akawerenga. Koma maukwati a ana ndi mimba zidatsika m'gulu lopanda lamulo, maukwati ndi 44 pa 100, mimba ndi 27 pa 100, poyerekeza ndi atsikana omwe sankalandira kanthu. Chifukwa chake n'chomwe chimandikhudza mtima. Mtsikana wa m'gulu la lamulo akasiya sukulu, ndalama zinkaduka, ndipo njira yotsala inali banja. Mnzake wa m'gulu linalo, ngakhale atasiya sukulu, ankalandirabe, choncho ankatha kudikira. Lamulo lidathandiza amene anali pafupi kupirira, n'kutaya amene adagwa kale, omwe ndi amene ankafunikira thandizo kwambiri.

Ku Morocco adayesa njira yapakati. Ndalama ankazitcha za maphunziro a ana ndipo makolo ankalembetsera pasukulu, koma palibe ankalondoloza kaundula. Ana adapita kusukulu mofanana ndi a m'gulu la lamulo, pena kuposa.

Nanga za mowa zija? Mu 2014 David Evans ndi Anna Popova a ku World Bank adasonkhanitsa kafukufuku 19 wa ku Africa, Asia ndi Latin America. Sadapeze kuti olandira ndalama amawonjezera kugula mowa ndi fodya. M'malo ambiri kugula kudatsika. Mu 2017 Abhijit Banerjee ndi anzake adaunikanso ndondomeko zisanu ndi ziwiri m'mayiko asanu ndi limodzi, osapeza umboni woti anthu amasiya ntchito. Kumadzulo kwa Kenya, komwe bungwe lothandiza osauka la GiveDirectly linkatumiza ndalama pa foni kudzera pa M-Pesa popanda lamulo lililonse, chinthu chomwe mabanja ambiri adathamangira chinali malata. Munthu wa muofesi akadati kumeneko n'kudzionetsera. Koma denga la udzu limafuna kufoleredwa mobwerezabwereza, udzu n'kugula, wofolera n'kumulipira, ndipo likayamba kudontha mbewu zosungidwa zimawola, ana amagona ponyowa. Malata ndi ndalama yosungidwa pamutu pa nyumba, ndipo amakololanso madzi a mvula. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini nyumba adawerengera zomwe wolemba ndondomeko sakadaziganizira. Kafukufuku wina wa m'midzi 653 ya ku Siaya, ku Kenya komweko, adapeza kuti dola iliyonse yoperekedwa idazungulira n'kukulitsa chuma cha deralo ndi madola pafupifupi 2.5, oyandikana nawo osalandira adapindulanso, ndipo mitengo ya zinthu sidakwere kwenikweni.

Ine ndikuona kuti pa mlandu wa khalidwe, wosauka adawina, ndipo amene akubwerezabe za mowa ndi ulesi ayenera kubweretsa umboni wawo. Koma ofufuza, atabwerera m'midzi patapita zaka, adapeza zina zoziziritsa nkhongono. Ku Zomba, patangotha zaka ziwiri ndalama zitaleka, phindu la gulu lopanda lamulo pa maukwati ndi mimba linali litafufutika. Atsikana aja adakwatiwa ndi kubereka ngati anzawo, ngakhale ana omwe adabadwa ndalama zikubwera anali otalikirapo. Kumpoto kwa Uganda, achinyamata omwe adalandira pafupifupi madola 400 aliyense mu 2008 kuti aphunzire luso ndi kugula zipangizo ankapeza 38 pa 100 kuposa anzawo patatha zaka zinayi, koma pofika zaka zisanu ndi zinayi anzawowo anali atawapeza. Ndalama imachotsa njala ya lero ndipo imafulumizitsa munthu, koma siimanga chipatala, siilemba mphunzitsi ntchito, siitsegula fakitale.

Mu 2019 Banerjee, Duflo ndi Michael Kremer adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha njira ya maereyi. Angus Deaton, yemwe adalandira mphoto yomweyo mu 2015, wakhala akuchenjeza kuti zomwe zayenda m'mudzi wa ku Kenya sizitsimikiza kuti ziyendanso ku Peru, ndi kuti maere amayankha bwino mafunso ang'onoang'ono, n'kusiya aakulu monga a malonda, misonkho ndi malo. Palinso nkhani ya anthu a m'gulu loyerekezera. Mayi wa m'mudzi womwe maere sadaugwere amakhala pakhonde ndi wofunsa mafunso kwa maola, kunena zomwe banja lidadya sabata yonse, katundu yemwe ali naye, ngongole zake, mwana wake n'kuyezedwa msinkhu ndi kulemera, kwinaku akudziwa kuti tsidya lina anzake akulandira. Mayankho ake amakasindikizidwa m'chilankhulo chomwe iye sawerenga, nthawi zambiri ndi akatswiri a m'mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya, ndipo si kawirikawiri wina kubwerera kudzamuuza zomwe adapeza. Izi ziyenera kusintha, ndipo sizifuna ndalama zambiri.

Thandika Mkandawire, yemwe adatsogolera bungwe la United Nations lofufuza za chitukuko cha anthu, UNRISD, kuyambira 1998 mpaka 2009, adafunsa funso lakuya kuposa la lamulo kapena kupanda lamulo. Mu 2005 adalemba kuti kusankha osaukitsitsa okha kumadya ndalama zambiri, kumasiya kunja ambiri oyenera, kumachititsa manyazi olandira, ndipo ndondomeko yomwe anthu opeza bwino sapindula nayo imasowa woiteteza. Mexico idachitira umboni mfundo yomalizayi. Ndondomeko ija, yomwe mu 2014 idatchedwa Prospera, inali ndi umboni wa zaka zoposa makumi awiri, komabe boma la Andrés Manuel López Obrador lidaithetsa mu 2019 n'kuika m'malo mwake thandizo la ana a sukulu lopanda gawo la zaumoyo. M'mayiko angapo a mu Africa, gawo lalikulu la ndalama zothandizira osauka likuchokerabe kwa opereka thandizo akunja, ndipo funso loti boma lidzazitenga liti n'kuziika mu bajeti yake, kuchokera ku misonkho ya ndani, limayankhidwa kunyumba ya malamulo.