Masamba tili nawo ambiri, koma tikuwaphera mumphika

Aliyense wodutsa msewu wa M1 amadziwa momwe pamakhalira pa Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano, kabichi mulu, matimati, karoti, anyezi, nyemba, mbatata ya kachewere matumba matumba, magalimoto kumangonyamula kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ntcheu ndi Dedza timadyetsa matauni. Koma ine amene ntchito yanga ndi yoona za kadyedwe, ndikakhala pa sikelo ndimaonabe ana ochokera m'midzi yomweyi ali opinimbira, amayi oyembekezera maso ali mbuu magazi ochepa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira, ana 63 mwa 100 ali ndi magazi ochepa, ndipo amayi ndi 33 mwa 100. Inde malungo ndi njoka zam'mimba zimathandizira kuchepetsa magazi, komanso makomo ena chakudya chimasowadi makamaka Januwale ndi Febuluwale, izi sindikukana. Koma m'makomo ambiri amene ndimayendamo chakudya chilipo ndithu, chikutayika pakati pa dimba ndi mbale.

Ndiyambe ndi soda chifukwa ndi amene amandipweteka mtima kwambiri. Amayi, ndikudziwa chifukwa chake mumathira, nkhwani ifewe msanga, ikhale yobiriwira bwino, nkhuni zisathe zambiri. Koma soda ndi chidulo zimaononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, makamaka B1, nde mukawonjezera kuwiritsa kwa nthawi yaitali m'madzi ambiri kenako madziwo nkukhetsa, zotsala mumphika ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene munathyola. Mavitamini amenewa amasungunuka m'madzi, akatuluka m'masamba amapita mumsuzi, msuzi mukataya mwataya nawo. Njira yake ndi yosavuta. Tsukani masamba musanadule osati mutadula kale, madzi pang'ono awire kaye, ikani masamba, vundikirani, mphindi zochepa basi aphulidwe akadali obiriwira, ndipo msuzi wake udyedwe. Nkhwani yanthete yosadzulidwa bwino imafewa yokha popanda soda. Pa therere ndikudziwa tikangana, ambiri amati therere lopanda chidulo silikoka, chabwino, koma lisakhale ndiwo ya masiku onse ndipo chepetsani. Chigwada chokha ndiye chosiyana, chimenecho chisinjidwe ndi kuwiritsidwa mokwanira mphika uli wosavundikira, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka pophika.

Ndipo masamba amene timawanyoza kuti ndi a amphawi, bonongwe, chisoso, luni, khwanya, chitambe, kholowa, amenewa ali ndi vitamini A ndi ayironi (wothandiza thupi kupanga magazi) wambiri kuposa kabichi amene timamulemekeza alendo akabwera. Kabichi si woipa ayi, ali ndi vitamini C wake, koma tsamba likakhala lobiriwira kwambiri ndiye kuti vitamini A alimo wochuluka. Vitamini ameneyu ndi wa maso, khungu, komanso chitetezo cha thupi, mwana amene akumusowa chikuku kapena kutsekula m'mimba kukamugwira kumamugwetsa kwambiri. Bonongwe amamera yekha kuseri kwa khola, sitigula.

Apa pali chinthu chimene agogo athu ankachita bwino kwambiri, kutendera. Vitamini A wam'masamba salowa bwino m'thupi popanda mafuta, nde nsinjiro zija zimabweretsa mafuta, zimabweretsanso zomanga thupi. Nkhwani yotendera ndi chakudya chokwana kuposa nkhwani yongowiritsa ndi mchere. Ngati nsinjiro palibe, kasupuni ka mafuta ophikira kakwanira, sikuti ndiwo zisambe m'mafuta. Koma chonde mtedza wosinja usankhidwe. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino nkusiya wofwifwa, wonyala ndi wachuku kuti ndi wa nsinjiro ndi choopsa, chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo kuphika sikumupha. Mtedza wowawa kapena wosintha mtundu tayani, ngakhale nkhuku musapatse.

Nkhani ya ufa ndi yovuta kukamba chifukwa abambo ambiri nsima ya mgaiwa amaikana, amati ndi ya kusukulu yogonera kapena ya nthawi ya njala. Koma taganizani zimene timachita popanga ufa woyera, tikonola, gaga ndi mtima wa chimanga zichoka, tiviika mphale masiku angapo, madzi titaya, tiyanika, tigayitsa. Mu gagamo ndi mumtimamo ndi momwe muli mafuta, mavitamini a B, ndi zija zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino osadzimbidwa. Madeya tipatsa nkhumba, nkhumba nkumanenepa. Sindikuti musiye ufa woyera lero lomwe, koma phala la mwana lokha likhale la mgaiwa, muthiremo nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, ndi mmenenso Likuni Phala amapangidwira, chimanga ndi soya. Ndipo likhale lolimbirako loti silikuyenderera pa supuni, phala lamadzimadzi limangodzaza kamimba.

Pa ana pomwepa, ichi ndimachiona pafupifupi khomo lililonse. Mwana wa miyezi 8 kapena chaka akupatsidwa nsima yonyika mumsuzi wa nyemba, nyemba zenizeni akudya akuluakulu. Msuzi wokha sumanga thupi amayi. Kuyambira miyezi 6, pamene mwana wayamba kudya kwinaku akuyamwabe, potani nyembazo, sinjani masambawo, asakanizidwe m'chakudya chake adye zenizenizo.

Nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya, izi zikaphatikizana ndi nsima zimakwaniritsana, chimene chikusowa mu chimanga chili mu nyemba, nde banja limene nyama limaiona kamodzikamodzi lisadzione ngati latsalira. Ziviikeni usiku wonse, madziwo mutaye, zimapsa msanga nkhuni nkupulumuka ndipo mpweya wam'mimba umachepako, sodanso safunika. Ayironi wam'nyemba ndi m'masamba amavuta kulowa m'magazi poyerekeza ndi wa nyama, chimene chimamuthandiza ndi vitamini C, ndiye matimati osapsereza, gwafa, lalanje, mango kapena malambe mukangotha kudya. Tiyi amachita zosiyana, amatchinga ayironi, ndipo kuno kozizira tiyi timamukonda, koma mayi woyembekezera asamwe tiyi pamodzi ndi chakudya, padutse ola limodzi kapena awiri.

Mbatata yofiira mkati ija, ya Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi mitundu ina, ili ndi vitamini A wambiri moti kambatata kamodzi kapakatikati kamakwanira mwana wamng'ono tsiku lonse. Futali wake ana amakonda, maungu akupsa chimodzimodzi. Kachewere wathuyu nayenso ndi wabwino akawiritsidwa, vuto ndi chipisi cha pachiwaya tsiku ndi tsiku m'mafuta obwerezabwereza ndi mchere wambiri pamwamba.

Mchere ndiutchule chifukwa BP ndi shuga zafika m'midzi, si matenda a m'tauni okha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni ya tiyi imodzi, kuphatikiza wam'ndiwo zonse. Masamba, nyemba ndi mgaiwa zimathandizadi kuti BP itsikeko ndi kuti shuga asamakwere mofulumira mukadya. Koma apa ndinene mosabisa, pali anthu akusiya mankhwala akuchipatala chifukwa wina wawauza kuti chisoso, adyo kapena chammwamba zichiritsa. Ayi abale anga. Idyani zimenezo monga chakudya, mankhwala pitirizani, ndipo mayi woyembekezera mapilitsi a magazi aja akusikelo amwe ndithu ngakhale akudya bonongwe tsiku lililonse.

Mvula ikamagwa masamba amachuluka mpaka kuola m'munda, Seputembala ndi Okutobala amene alibe dimba nkumasowa ndiwo, ndiye mfutso usamanyozedwe. Pofutsa ingowaviikani m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu, musawaphike mpaka kupsa, kenako yanikani pamthunzi podutsa mphepo, pathandala osati pansi, chifukwa dzuwa lamphamvu limaononga vitamini A. Akauma gwa sungani m'chikwatu kapena m'chigubu chotseka bwino pamalo pouma. Vitamini C ambiri amakhala atapita, nde tsiku lophika mfutso muthiremo matimati ndi nsinjiro, ndipo ngati pali chipatso ana adye atatha nsima.